Jombo za ski: mafunso amene mumandifunsa aja ndayankha onse pamodzi

Nkhaniyi inayambira ku Tsoka. Loweruka lina ndikuzungulira pa kaunjika kusaka jekete, ndinangoona chijombo chapulasitiki chili pakati pa nsapato za ana asukulu, mnyamata wogulitsayo nkumandiuza motsimikiza kuti "bwana iyi ndi ya njinga yamoto, akabaza akuilimbirana". Ndinaseka mpaka misozi chifukwa inali jombo ya ski, timatabwa tatitali tija tomangirira kumapazi potsetsereka pa sinowo, yakalekale, ya Salomon yolowera kumbuyo ija, mwina yamkulu kuposa mnyamatayo. Ine ndinakhalako ku Austria kusukulu, kufupi ndi Innsbruck, ndipo nyengo ziwiri zozizira ndinkagwira ganyu pa shopu ina yobwereketsa ma ski, ntchito yanga inali kuveka anthu jombo kuyambira mmawa mpaka dzuwa kulowa. Mapazi a anthu ndawaona okwanira, sindifunanso. Nde chibwerereni kuno anthu amene akupita kunja kusukulu, ena akufuna kukayesa ku Lesotho, ena angofuna kudziwa basi, amandifunsa zomwezomwezo, ndati ndingoyankha kamodzi.

Kodi jombo ya ski ndi jombo ngati zinazi, kungoti yotentha?

Ayi, ndipo apa ndi pamene ambiri amasokonekera. Jombo ya msilikali kaya ya mlonda anaipanga kuti munthu aziyendera. Ya ski anaipanga kuti phazi lisamayende mkatimo. Ntchito yake ndi ngati chiwongolero cha galimoto, mwendo ukapendekeka pang'ono ski nayo ipendekeke nthawi yomweyo osachedwa. Amene munayendetsapo galimoto yoti chiwongolero chili ndi "play" mukudziwa, umapotokola koma matayala amayankha mochedwa, pa kona umangoti Mulungu thandizeni. Jombo yokhwepa pa ski ndi chimodzimodzi.

Imakhala ndi mbali ziwiri zikuluzikulu. Kunja kuli chigoba chapulasitiki yolimba, nthawi zambiri polyurethane, mkati muli chofewa ngati kansapato kena kapadera, amati liner, chimatuluka ukachikoka. Pansi pake ndi pathyathyathya ndipo kutsogolo ndi kumbuyo kuli timilomo tomwe timalowa mu binding, chitsulo chomwe chimagwira jombo pa ski ndikuimasula ukagwa moipa. Imodzi yokha imalemera pafupifupi makilo 2. Kuyenda nayo pansi umaoneka ngati loboti, palibe amene amatchena nayo.

Mitundu yake ilipo ingati?

Tikamanena za ski yotsetsereka paphiri, mapangidwe akuluakulu ndi atatu. Woyamba amati overlap, phazi limalowera kutsogolo, pulasitiki yambali ziwiri imapitana pamwamba pa phazi ndi pa msongolo ngati mmene mayi amamangira chitenje, mbali ina pansi ina pamwamba, kenako ma buckle anayi amamanga, awiri paphazi awiri pamwendo, pamwamba penipeni lamba. Wachiwiri ndi rear entry, kumbuyo kumatseguka ngati chitseko, umangoponda phazi mkati nkutseka ndi buckle imodzi kapena ziwiri. Wachitatu amati cabrio kapena three piece, chigoba chapansi chimakhala chotseguka pamwamba ngati bwato, ndiye pali lilime lapulasitiki lapadera lomwe limavundikira kutsogolo konse kuchoka kuzala mpaka pa msongolo.

Zonsezi sizakale kwambiri. Mpaka zaka za m'ma 1950 anthu ankatsetsereka ndi jombo zachikopa zomanga ndi zingwe, zikanyowa nkumafewa. Ma buckle anabwera ndi kampani ya Henke ya ku Switzerland m'zaka zimenezo, ndipo pulasitiki anaibweretsa Bob Lange wa ku Dubuque, Iowa ku America, m'ma 1960. Mu 1968 Nancy Greene wa ku Canada atawina golide pa mpikisano wa giant slalom ku Olimpiki ya ku Grenoble atavala za Lange, chikopa chinayamba kutsanzika. Kenako amisiri a ku Montebelluna ku Italy, kwawo kwa Nordica ndi Tecnica, anayamba kuumba zambirimbiri pa makina, mpaka lero dera limenelo ndi likulu la jombo za ski.

Nanga nchifukwa chani ambiri amakonda overlap yo? Akuti ndi yovuta kuvala.

Kuvuta ndi yovutadi, sindikunamizani. Mmawa kukazizira pulasitiki imauma gwa, umafunika kukanula mbali ziwiri zija ndi manja onse uku ukukankha phazi, pamwamba pa phazi nkumapweteka ngati wapanidwa ndi chitseko cha minibasi. Ndaonapo abambo akuluakulu akutuluka thukuta pa benchi kunja kuli sinowo. Kuvula madzulo nde ndewu ina.

Koma ikangolowa, palibe ina imene imagwira phazi ngati iyo, ndipo nkhani yonse yagona pamenepa. Chifukwa pulasitiki ija imakulunga, ukamanga buckle jombo yonse imachepa mozungulira phazi, osati kungopanikiza malo amodzi. Buckle iliyonse ili ndi dera lake, ukhoza kumanga kwambiri pa mwendo nkusiya kuzala kopumako. Yofunika kwambiri ndi yachiwiri kuchokera pamwamba, ya pafupi ndi kakolo, imeneyo ndi yomwe imakankhira chidendene kumbuyo ndi pansi kuti chisamanyamuke. Chidendene chikakhazikika basi ski imamva zimene ukuiuza.

Chachiwiri ndi kulimba kwa mmbali. Ski imakhota ukaiimika pa mphepete pake pomwe pali chitsulo chakuthwa, ndipo pa sinowo wolimba ngati ayezi umafunika mphamvu yonse ya mwendo ifike pa mphepetepo. Overlap chigoba chake chapansi ndi chamumphu, ndiye sichipotoka. Ukayang'ana mipikisano ya World Cup pa TV, pafupifupi aliyense wavala overlap ya ma buckle anayi, ndipo tisanamizane, anthu wamba amagula zomwe akuona kwa ma shasha. Zili ngati anyamata a mpira wa pa dambo ku Kawale, aliyense amafuna nsapato yofanana ndi ya osewera amene amamuonera pa DStv ngakhale bwalo lake ndi lafumbi lokhalokha.

Chachitatu chomwe anthu sachitchula kawirikawiri ndi chakuti amisiri okonza jombo anazolowera mtundu umenewu. Pakakhala fupa lotuluka, amatenthetsa pulasitiki pamalo pomwepo nkuikankhira kunja, kapena kupala mkati ndi kamakina. Makampani nawo amapanga overlap m'masaizi ndi m'lifupi osiyanasiyana kuposa mitundu inayo, ndiye mwayi woti upeza yokukwana ndi waukulu. Penapake imapambana chifukwa ndi yabwino, penapake chifukwa ndi imene yadzadza pa shelefu, zonse ziwiri ndi zoona.

Ndiye yolowera kumbuyo ija inalakwa chani? Ikumveka ngati yanzeru.

Inali yanzerudi, ndipo inalamulirapo. Anaitchukitsa koyamba ndi abale awiri a Hanson ku Colorado kumayambiriro kwa m'ma 1970, kenako Salomon ya ku Annecy ku France inatulutsa SX90 mu 1979, nkubwera SX91, ndipo m'ma 1980 monse kumapiri kunali zimenezi zokhazokha. Tangoganizani, munthu wazaka zambiri akulimbana ndi ma buckle zala zitauma ndi kuzizira, kenako wina akumuuza kuti ponda apa, tseka kumbuyo, wamaliza. Ndani akanakana?

Vuto lake ndi ili. Kutsogolo kwa jombo imeneyi ndi chigoba chimodzi chosasintha, sichingachepe kuti chikulunge phazi lako. Ndiye kuti phazi lisasewere anaika mkati tizingwe tachitsulo ndi timbale tapulasitiki tokanikiza pamwamba pa phazi. Kwa munthu amene phazi lake likufanana ndi chikombole chomwe anaumbira, zinali bho. Kwa ena onse kunali kusankha pakati pa ziwiri, kumasula phazi nkumasambira mkati, kapena kumanga kachingwe kaja nkukudula pamwamba pa phazi mpaka zala dzanzi. Komanso poti kumbuyo ndi chitseko, zotchipa zambiri zinali zosagwira bwino munthu akatsamira kumbuyo. Apa ndinene chilungamo, SX91 yeniyeniyo inali jombo yabwino ndipo ndinakumanapo ndi madala ena amene ankaisunga ngati chuma, chomwe chinaononga dzina la mtunduwu ndi zotchipa zomwe zinadzadza m'mashopu obwereketsa, anthu nkuyamba kuona ngati rear entry ndi ya ophunzira basi. Pofika m'ma 1990 munthu wodziwa ski sankafuna kuoneka nayo, manyazi.

Sinafe konse. Nordica inatulutsanso ina yotchedwa HF zaka zapitazi, makamaka ya anthu achikulire, a msana wovuta, a bondo kapena kakolo wosapindika bwino, amene overlap ikanawasiyitsa masewerowa. Jombo za tiana tating'ono zambiri zimakhalanso zolowera kumbuyo, chifukwa kuveka mwana wazaka 4 ma buckle anayi akulira ndi chilango chomwe kholo silinalakwire.

Cabrio ndi ya anthu otani?

Iyi ili ndi anthu ake ndipo amaikonda ngati mpingo, sungawatembenuze. Inatchuka ndi jombo yotchedwa Flexon ya kampani ya Raichle kumayambiriro kwa m'ma 1980, lilime lake lili ndi mizere yopindika ngati khosi la kapaipi komwera juwisi kaja. Bill Johnson wa ku America anawina nayo golide pa mpikisano waliwiro wa downhill ku Olimpiki ya ku Sarajevo mu 1984, ndiye musamve zoti ndi yamasewera. Raichle itasiya, anthu ankasaka zotsala paliponse mpaka zikombole zake zinadzagwiritsidwanso ntchito ndi kampani ya Full Tilt kuyambira 2006, yomwe pano inalowa mu kampani ya K2. Kampani ya Dalbello nayo imapanga zake.

Kusiyana kwake kuli pa mmene imapindikira. Overlap ukaitsamira kutsogolo imapita kenako imafika poti yakana, ngati wagunda khoma, ndipo ukamadumpha nkumatera msongolo umamenyeka pamenepo tsiku lonse, madzulo nkutupa. Cabrio imapindika pang'onopang'ono ngati sipuling'i, kulimba kumaonjezekera uku ukutsamira. Ndiye odumphadumpha, ochita zozungulira m'mwamba, ndi otsetsereka pa timitumbira tija amati moguls amaikonda. Buckle yake yapakati imadutsa mopingasa pa kakolo ndiye chidendene imachigwira bwino, kuvala nkosavuta chifukwa lilime limangotseguka lonse, komanso ukhoza kusintha lilime kuika lolimba kapena lofewa osagula jombo ina. Odana nayo amati pa ayezi siyankha mwachangu ngati overlap. Ine ndinayesa masiku angapo, pa sinowo wofewa inandikomera kwambiri, pa ayezi ndinaona ngati ndikulankhula ndi ski kudzera mwa womasulira.

Manambala aja 80, 100, 130 olembedwa pambali ndi saizi?

Ayi, amenewo amati flex, kusonyeza kulimba kwa jombo ukaitsamira kutsogolo. Nambala yochepa ndi yofewa, yaikulu ndi yolimba. Ongoyamba amapatsidwa za m'ma 60 mpaka 90, odziwa bwino 100 mpaka 120, 130 ndi ya akatswiri kapena anthu amphamvu, ampikisano amapitirira pamenepo. Koma chenjerani, palibe muyezo umodzi womwe makampani onse anagwirizana, 110 ya kampani ina ikhoza kufanana ndi 100 ya ina. Zili ngati ndowa ya chimanga pamsika, aliyense amati ndowa koma zina anazimenya pansi.

Thupi nalo limawerengedwa. Bambo wamakilo 95 ngakhale akungoyamba jombo ya 70 aipinda ngati pepala. Mtsikana wochepa thupi ukampatsa 120 sangaipinde nkomwe, azingotsamira kumbuyo, ndipo kutsamira kumbuyo pa ski ndi chiyambi cha kugwa. Chinanso, pulasitiki imauma kukazizira, yomwe mu shopu yotentha imamveka yofewa, paphiri imasanduka ina. Anyamata ambiri ankabwera kufuna 130 chifukwa cha matama basi, pofika masana akubwera mwakachetechete kudzasintha.

Ndimavala saizi 8, ndikapemphe saizi yanji?

Iwalani za 8 zo. Jombo za ski zimayendera Mondopoint, kutanthauza utali wa phazi lanu m'masentimita. Imani chidendene chitagunda khoma, pondani pepala, lembani pomwe chala chachitali chathera, yezani ndi rula ya mwana wasukulu. Mukapeza 26.5 saizi yanu ndi imeneyo. Yezani mapazi onse awiri chifukwa nthawi zambiri samafanana. Dziwaninso kuti 26 ndi 26.5 nthawi zambiri chigoba chake ndi chimodzi.

Ndiye pali m'lifupi, amati last, amayeza m'mamilimita pamalo otambalala a phazi. 97 kapena 98 ndi yopapatiza, 100 yapakati, 102 mpaka 104 yotambalala. Apa ndi pamene ife ambiri timavutikira, ife amene tinakula tikuthamanga opanda nsapato kapena ndi patapata zala zinamwazika momasuka, phazi ndi lotambalala. Cholakwa chomwe ndinachita ine ndekha chaka choyamba ndi kutenga jombo yaitali masaizi awiri kuti m'lifupi mukwane, mapeto ake phazi linkatsetsereka kutsogolo nthawi iliyonse ndikaima, chikhadabo cha chala chachikulu chinada nkuchoka. Chofunika si yaitali, ndi yotambalala ya utali wanu womwewo. Nenani momveka kuti mukufuna wide.

Njira yomwe tinkayesera ndi iyi, tulutsani liner, lowetsani phazi m'chigoba chokhachokha, sunthani mpaka zala zikhudze kutsogolo, ndiye muone mpata wotsala kumbuyo kwa chidendene. Sentimita imodzi ndi theka mpaka 2 zili bwino. Ngati mukulowa zala zitatu zakumanja, yakula. Amayi, jombo zanu amazipanga zofupikirako pamwendo chifukwa katumba wa akazi ambiri amatsikira pansi, ngati ya abambo ikuluma katumba pemphani yachizimayi, si nkhani ya mtundu wa penti chabe.

Zoona kuti jombo ya ski imayenera kupweteka?

Bodza limeneli lavulaza anthu ambiri. Iyenera kugwira zolimba ngati munthu wakupatsa moni wamphamvu, osati kuluma. Ukaimirira mowongoka zala zizikhudza kutsogolo pang'ono, ukapinda mawondo nkutsamira pa lilime zala zizibwerera mmbuyo. Liner yatsopano imaphwa ukaivala masiku angapo, ndiye yomwe mu shopu ikumveka ngati silipasi, pakutha sabata ikhala yokhwepa. Ma liner ambiri masiku ano amawatenthetsa mu uvuni wapadera nkukuveka kuti atenge maonekedwe a phazi lako.

Ndipo chonde sokosi imodzi yokha, yopyapyala, yaitali kufika pansi pa bondo. Ife a ku Malawi tikamva kuti sinowo timavala masokosi atatu ngati tikukagona pa maliro mu June ku Dedza, koma zimenezo zimapanikiza mitsempha magazi osayenda, phazi nkuzizira kuposa. Thalauza nalo lisalowe mkati mwa jombo, kampindiro kakang'ono pa msongolo pofika madzulo ndi chilonda. Mukakhala pa mzere kapena pa mpando wa makina okweza anthu paphiri, masulani ma buckle apansi magazi ayende.

Ndaiona pa kaunjika motchipa, ndigule ndisunge?

Musagule, pokhapokha ngati mukufuna kudzalamo maluwa. Pulasitiki ya jombo imakalamba ngakhale isakugwira ntchito, chinyezi ndi kutentha zimaidya mkati, kunja ikuoneka bwinobwino, tsiku lomwe mwaipititsa kozizira imangosweka ngati mbale yadothi muli pakati pa phiri. Ndinaziona ndi maso, kasitomala wina anabwera ndi jombo ya bambo ake, anabwerera atanyamula zidutswa m'manja ali ndi liner yokha kuphazi. Tsono iyi yadutsa m'belo, yakhala padzuwa la October pa Tsoka miyezi kaya ingati, mukuganiza kuti yatsala ndi moyo wanji.

Chachiwiri ndi pansi pake. Timilomo tolowa mu binding tija tili ndi muyezo wake, ISO 5355, ndipo tikaperepeseka ndi kuyendera pa konkire binding simasula nthawi yoyenera, kapena imamasula yokha usanagwe. Bondo ndi limene limalipira. Shopu yosamala ikaona jombo yotero imakana kukuikira pa ski zawo, ndiye mwanyamula makilo 4 kuchoka pa KIA pachabe.

Nanga pa njinga yamoto kapena kukwerera Mulanje singathandize?

Ayi. Kakolo sapindika, giya simungasinthe, buleki simuimva. Ku Sapitwa nde musayerekeze, pansi pake mpoterera, pa mwala wonyowa mutsika msanga kuposa mmene munakwerera.

Ndamva za walk mode ndi GripWalk, ndi mtundu wina?

Walk mode ndi kachitsulo kakumbuyo komwe ukakatsegula mbali yapamwendo imamasuka kuti uziyenda ngati munthu, ukakatseka imalimbanso. Kanachokera kwa anthu a touring, amene sakwera makina koma amakwera phiri ndi ski kumapazi nkudzatsetsereka pobwera. Jombo zawo ndi zopepuka, zina kilo imodzi ndi kanthu, amapangira mapulasitiki ngati Pebax ndi Grilamid, ndipo zili ndi timabowo tachitsulo kutsogolo ndi kumbuyo tolowa timapini, nzeru yomwe anayambitsa Fritz Barthel wa ku Austria nkudzatchuka ndi Dynafit. Kupepukako kuli ndi mtengo wake, potsika mothamanga sizikhazikika ngati overlap yolemera ija. Ngati mukukwera makina tsiku lonse simukuzifuna, ngakhale walk mode yokhayo imathandiza popita kuchimbudzi, amene anatsikapo masitepe onyowa ndi jombo za ski akundimva.

GripWalk ndi soli yamphira yokhota pang'ono kutsogolo kuti usaterereke poyenda. Ndi yabwino, kungoti imafuna binding yogwirizana nayo, ukaikakamiza mu binding yakale simasula bwino. Funsani asanakupatseni.

Zija zopotokola ngati wailesi, za BOA, zikuposa ma buckle?

Izi ndi zatsopano pa jombo zotsetserekera, zinalowa mwamphamvu mu 2023 kudzera kwa K2, Salomon, Atomic ndi Fischer, ngakhale a snowboard, otsetsereka pa thabwa limodzi lotambalala, anayamba kalekale kuzigwiritsa ntchito. Jomboyo ikadali overlap yomweyo, kungoti ma buckle awiri apansi awachotsa nkuika kachingwe ndi kogudubuza. Okonda amati imakulunga phazi mofanana m'malo mokanikiza pamwamba, ndipo kwa ife a phazi lokwera pamwamba zimamveka. Okana amati buckle ikathyoka umamanga ndi waya nkumaliza tsiku, kogudubuza kakafa umafuna sipeya. Ine mtima wanga wa ku Malawi umakonda chinthu chomwe ndingakonze ndekha, koma mwina ndi ukalamba.

Ndinaona ena pa TV akuthamanga ndi ski pamalo athyathyathya, nsapato zawo zikuoneka zofewa.

Amenewo ndi a cross country, masewero ena. Jombo zawo ndi zopepuka ngati zothamangira, zimagwidwa kuzala kokha chidendene chili chomasuka, ndipo zimayendera ma binding awo monga NNN ya Rottefella ya ku Norway. Sizilowa pa ski yotsetserekera. Amene mukupita ku Norway, Sweden kapena Finland mwina mudzayamba kukumana ndi zimenezi, ndipo ndi zokoma kumapazi.

Ndikupita ku Lesotho masiku ochepa, ndigule zanga kapena ndikabwereke?

Kabwerekeni. Afriski, malo a ski a ku Lesotho, ili m'mapiri a Maluti pamwamba kupitirira mamita 3000, kutalika kwake ngati Sapitwa wathu yemwe ndi 3002, nyengo yake ndi June mpaka August ndipo sinowo wambiri amapanga ndi makina, zipangizo amabwereketsa pomwepo. Chimodzimodzi amene mukudutsira ku Dubai nkufuna kuyesa Ski Dubai ya mu Mall of the Emirates, kapena Oukaïmeden ku Morocco. Jombo yatsopano yabwino ndi madola mahandiredi angapo, musinthe mu makwacha muone ngati mutu sukupweteka, ndiye kuti ikagwire masiku atatu nkubwera kudzakhala pamwamba pa wadiropu ku Area 25 mphemvu zikuswanamo.

Chomwe mungachite ndi kupita mutadziwa masentimita a phazi lanu, sokosi yanu yabwino m'chikwama, ndipo akakupatsani jombo musachite manyazi a kwathu aja ongoti zikomo bwana pomwe chikuluma. Ivaleni, mangani kuyambira pa mwendo, imani mphindi 10 mutapinda mawondo. Chidendene chikamanyamuka bwezani. Pakakhala malo amodzi olasa ngati msomali bwezani. Ife ogwira ntchito mu shopu sitinkakwiya ndi wosintha katatu mmawa, tinkatopa ndi wobwera masana akutsimphina nkumati jombo zanu ndi zoipa. Kugula kumayamba kumveka ngati mukhala kunjako nyengo yonse, ndipo mukagula yambani jombo, ski muzibwerekabe.

Inuyo mumavala iti?

Overlap ya ma buckle anayi, flex 110, last 102, saizi 27.5, ndipo mmisiri wina anaikankha pang'ono mbali ya kachala kakang'ono kumanja komwe ndinathyokapo tikusewera mpira wachikulunga ku Biwi ndili mwana. Anandiyeza pafupifupi ola lonse, anandikaniza yofiira yomwe ndinkaifuna chifukwa inali 98, ndinakwiya tsiku limenelo. Ndinaisiya kwa mnzanga ku Austria chifukwa kulipira katundu woonjezera pa ndege kunandikanika, akuti akuisunga m'chipinda chapansi komwe kulibe dzuwa. Ya ku Tsoka ija ndinadutsanso patatha masabata awiri ndinapeza yagulidwa, mnyamata uja akuti anatenga ndi bambo wina woweta nkhumba ku Mitundu, woti magambuti amangomuthera.